ZA KULERA OPHUNZIRA OKHALA KUTALI NDI KWAO

Pamene akulu a mpingo anagawa nchito ya kulemba kabuku aka ka chikondwerero cha Mlanda, ena anapatsidwa mbiri ya chalichi, ena maina a abusa ndi zaka zao, ndi ena za chipatala, koma kwa ife aphunzitsi a m'midzi anati, "Inu lembani za ana." Ife tinayesa kuti afuna tiwerenge masukulu ndi opambana mayeso, koma mkulu wina wa imvi anatidula pakamwa nati, "Iai, zimenezo ziri kale m'mabuku a Boma. Lembani za iwo amene anali kuphikira ana a eni, ndi kuwafunditsa, ndi kuchezera nao usiku podwala." Chifukwa chache nkhani yathu ndi ya kulera, si ya kuphunzitsa ai, ndipo tidzailondola kuyambira ku gowelo la m'mudzi kufikira ku makoleji akulu, pakuti ana a mapiri ano afika kumeneko tsopano. Ena abwerako ndi madigiri, ndipo tikondwera nao. Ena abwerako usiku mwakachetechete, atasweka mtima, ndipo za iwowa sitikamba kawirikawiri pa zikondwerero.

Makolo athu asanaone buku, anali nalo kale lamulo lakuti mwana wotuluka m'nyumba ya amache asakhale wopanda mwini. Mnyamata akasinkhuka anali kukagona ku gowelo pamodzi ndi anzache, ndipo wamkulu wa m'gowelomo ndiye anali kufunsidwa ngati wamng'ono wagona ndi njala kapena walumidwa ndi chinkhanira. Mtsikana anali kugona ku kuka kwa agogo ache, ndipo nkhalambayo inali kuzindikira mdzukulu ali yense ndi kapumidwe kache, ngakhale mumdima. Koposa izi, namwali polowa m'chinamwali anali kupatsidwa phungu. Namkungwi anali wa onse, koma phungu anali wa mmodzi yekha: ndiye anali kumlandirira chakudya, ndi kummasulira mwambo umene sanaumvetse, ndi kumlankhulira pamene iye saloledwa kutsegula pakamwa, ndipo namwali akalakwa, manyazi anali kugwera phungu. Mau awa akuti phungu muwasunge, inu owerenga, pakuti tidzawafunanso kutsogoloku.

M'chaka cha 1878 Dr Robert Laws anafika kwa Inkosi Chikuse pamodzi ndi William Koyi, mwana wa sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anali kumvana ndi Angoni m'chinenero chao. Zitapita zaka 9, mu 1887, Dr George Henry wa Mishoni ya Livingstonia anamanga ku Livulezi, m'chigwa kunsi kwa mapiri athu ano. Malowo anali a madzi ndi a nthaka yabwino, koma anali a malungo. Mkazi wache anamwalira komweko, ndipo iye mwini anamtsata mu 1893. Pambuyo pache a Livingstonia anapereka Livulezi m'manja mwa Mishoni ya Dutch Reformed, imene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anaiyamba ku Mvera mu 1889. Ndipo iwonso, ataona kuti chigwa chiwatha, anakwera kumtunda kuno kozizira namanga pa Mlanda mu 1902. Tsono tinganene kuti siteshoni yathu inabadwa mwa kusamala thupi: inasankhidwira pano kuti ophunzitsa ndi ophunzira omwe akhale ndi moyo.

Masiku amenewo anali oopsa. Mu 1896 asilikali a Boma la Azungu anagwira Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, namupha, ndipo mitima ya anthu inakhala ndi chilonda zaka zambiri. Nanga ndani akanatenga mwana wache wobala yekha ndi kumpereka kuti akagone pa mudzi wa Mzungu? Chotero pa mamishoni ambiri a m'dziko muno ana oyamba kugonera anali amasiye, ndi oomboledwa kwa ogula anthu, ndi ena amene analibe wowafunsa. Ana otere sakanaphunzira a, e, i, o, u asanasambe, asanadye, zilonda zao zisanatsukidwe; ndipo wofuna kukhala mphunzitsi wao anayenera kuyamba wakhala atate ndi amai. Anansi athu onse anapeza chomwecho: a Zambezi Industrial Mission pa Ntonda, pa Chiole ndi pa Dombole, a Baptist Industrial Mission pa Gowa, pamene a Churches of Christ anadzalowa m'malo mwao, ndi ansembe a Montfort amene anafika pa Nzama mu 1901. Awa anali kutsutsana kolimba za ubatizo, ndi za malire a midzi, kufikira kulandana ana a sukulu. Koma onse anafanana pa chinthu chimodzi, ndicho kuti ali yense anayamba wafuna mphika waukulu ndi zofunda.

Mu 1895 Dona Martha Murray anatsegula nyumba ya atsikana ku Mvera, ndipo nyumba zotere zinafalikira pa masiteshoni a Mishoni yathu. Agogo athu amene anagonamo m'zaka za m'ma 1930 anatisimbira makhalidwe ache tiri ana, pootha moto nyengo ya chisanu. Belu linali kulira kusanache. Atapemphera, ena anapita kudimba ndi makasu, ena kumtondo, ena kuchitsime. Dzuwa litakwera analowa m'kalasi ndi masileti ao. Ndipo masana anaphunzira kusoka, kuumba mbiya, kuphika sopo ndi kusamala khanda. Koma chimene agogowo anali kuchikumbukira koposa sichinali cha m'kalasi. Madzulo ali onse, nyali isanazimidwe, mai woyang'anira nyumba anali kuitana mtsikana ali yense ndi dzina lache ndi chiwongo chache, namuyang'ana m'maso, ndi m'mutu, ndi kumapazi. Ndipo akapeza thekenya anali kulichotsa ndi singano pomwepo. Wosiya nsima m'mbale anafunsidwa chifukwa. Wolira mobisa posowa kwao anatengedwa kukagona pa mphasa ya maiyo, kufikira mtima wache utakhala pansi.

Mabuku a mbiri atamanda madona amene anaoloka nyanja, ndipo ayenera kutamandidwa, popeza ena anasiya mafupa ao m'nthaka ino. Koma ife tiyesa kuti gawo lalikulu la nchitoyi linagwiridwa ndi amai akuda aja, ambiri a iwo akazi amasiye, amene anali kugona m'chipinda chimodzi ndi ana, nadziwa chinenero cha misozi yao. Ndipo si pa siteshoni pokha ai. Mphunzitsi wa m'mudzi nayenso anali kusunga ana a kutali pakhomo pache, ndipo mkazi wache, amene sanali kulandira ndi kobiri lomwe, ndiye anali kuwasinjira ndi kuwaphikira. Ife tomwe tinaleredwa chotero: nyengo ya dzinja, mitsinje ikadzala, tinali kugona m'khitchini mwa aphunzitsi athu a Sitandade 5, ndipo amai a pakhomopo sanasiyanitse mbale yathu ndi ya ana ao. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akale. Ife tinaona mwambiwo ukuyenda ndi miyendo.

Mpingo utaletsa ana a Akristu kulowa m'chinamwali cha kumudzi, panatsala mpata woopsa, pakuti anamwali anali kukula ndi kulowa m'banja wopanda wowalanga. Amai a mumpingo ndiwo anadandaula, kufikira akulu anabvomera kuika alangizi ndi mwambo wa chilangizo. Ndipo mu 1940 Chigwirizano cha amai chinakhazikika. Momwemo phungu uja, amene anatulutsidwa pakhomo pamodzi ndi namkungwi, analowanso atabvala chobvala china.

Kulera kumeneku kunayesedwa kowawa kawiri. Kumapeto a 1918, nkhondo ya Ajeremani itangotha, nthenda ya fuluwenza inalowa m'dziko nigwetsa anthu m'midzi ndi m'masukulu momwe, kotero kuti otsala chiriri anasanduka anamwino a anzao. Ndipo mu 1949 mvula inakana, anthu a kumunsi kwa Blantyre nakwera ku mapiri kuno kudzasuma. Ndipo mphunzitsi wokhala ndi ana a eni pakhomo pache anayamba kuyesa ufa ndi chikho, nadziwerengera yekha potsiriza.

Koma tisanamize adzukulu athu kuti zonse zinali zokoma. Dzanja lomwe linali kuchotsa thekenya linali kugwiranso chikoti, ndipo ana ena anakwapulidwa pa zinthu zimene mau awiri akanazikonza. Wolakwa kwambiri anampatsa mphasa yache namuonetsa njira, osafunsa kuti akafikira kwa yani. Mtsikana akaima, sukulu yache inathera pomwepo, pamene mnyamata wochimwa naye kawirikawiri anapitirira. Ndipo chisalungamo ichi chinakhala kufikira 1993, pamene Boma linalola kuti wotere abwerere ku sukulu atabereka. Panalinso china. Alendo a Phelps-Stokes, amene anayendera dziko lino mu 1924 pamodzi ndi Dr Aggrey wa ku Gold Coast, anatama Mishoni yathu chifukwa cha ulimi ndi nchito za manja. Koma Mishoni yomweyo inali youmira pa Chingerezi, poopa kuti mwana akachidziwa adzanyoza khasu nadzathawa mudzi. Anyamata anathawabe, napita ku Blantyre, ku Salisbury ndi ku Joni, ambiri a iwo opanda chinenero chodzitetezera nacho. Mlezi amene asankhira mwana msinkhu woti alekezerepo, ameneyo wasanduka mpanda, ngakhale mtima wache uli wabwino.

Ndiponso m'mimba mwa wophunzira simuseweredwa. Ku Lovedale komwe kuja, sukulu ya mbiri yotere, ophunzira anaukira akulu ao mu 1920 chifukwa cha mkate umene unasinthidwa, naswa mazenera, natentha nyumba yosungiramo dzinthu. Ndipo mu 1946 anaukanso, ndipo pakati pa madandaulo ao panali za chakudya. Akulu a kumeneko anali odziwa Chigriki ndi Chilatini, koma anachedwa kumva zimene wophika ali yense akanawauza.

Tsopano tifike ku makoleji, kumene ife amene tilemba izi sitinapondeko monga ophunzira, koma tatumizako ana athu. Kale mwana wa dziko lino wofuna maphunziro apamwamba anayenera kutuluka. Ena anapita ku Makerere ku Uganda, monga Kanyama Chiume. Ena ku Fort Hare ku South Africa, monga Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere. Koleji ya Fort Hare inatsegulidwa mu 1916 pafupi ndi Lovedale, ndipo makonzedwe ache ayenera kuwalingalira. Kuphunzitsa kunali kwa koleji, koma nyumba zogona anyamata zinamangidwa ndi mipingo: a Methodist anali ndi Wesley House, a Presbyterian anali ndi Iona House, ndi a Anglican anali ndi Beda Hall, ndipo nyumba iri yonse inali ndi woyang'anira wache woikidwa ndi mpingo, wokhala pomwepo, wopemphera ndi anyamata ache. Anali atazindikira kuti mnyamata wa zaka 20, ngakhale ali ndi ndebvu ndi mabuku akulu, akali mwana wa munthu, ndipo usiku afuna wina womdziwa dzina. Koma koleji ya Rhodesia ndi Nyasaland, imene inayamba kuphunzitsa ku Salisbury mu 1957, inalowa ndi chilema cha dzikolo, pakuti poyamba ophunzira akuda ndi oyera anali kukhala m'kalasi imodzi koma kugona m'nyumba zosiyana.

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa pa Chichiri mu 1965 ndi ophunzira 90, ndipo mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba. M'zaka zimenezo Boma linali atate ndi amai omwe: linapatsa wophunzira bedi, ndi chakudya katatu pa tsiku, ndi kandalama ka m'thumba, nyumba zogona zinali ndi oziyang'anira, mipingo inatumiza abusa ndi ansembe a ophunzira, ndipo ophunzira okha anali kusonkhana m'mabungwe a mapemphero, monga SCOM, imene inayamba mu 1961, ndi YCS ya Akatolika. Popeza anali owerengeka, wosowa pa chakudya cha madzulo anali kudziwika. Komatu m'nyumba zomwezo munalinso makutu a Boma, ndipo wophunzira anali kuyang'ana uku ndi uku asanatsegule mtima wache. Aphunzitsi omwe sanali pabwino, monga Jack Mapanje amene anatengedwa mu 1987 nakhala m'ndende kufikira 1991 wopanda kuweruzidwa. Kudyetsedwa bwino ndi kukhala ndi phungu ndi zinthu ziwiri.

Pamenepo chitseko chinatseguka. Mu 1994 fizi ya ku pulaimale inachotsedwa, ndipo ana a sukulu anachuluka kuchokera pafupi 1.9 miliyoni kufikira pafupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ambiri a ife tinalowa nchito nthawi imeneyo, ndipo tinaphunzitsa pansi pa mitengo. Mtsinje umenewo unayenda, nufika ku sekondale, nufika ku makoleji. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, ya Livingstonia mu 2003, ya Akatolika ku Nguludi mu 2006, ya MUST ku Thyolo mu 2014. Sinodi yathu ya Nkhoma inatsegulanso yache. Ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu. Ichi nchokondweretsa, ndipo sitifuna kubwerera ku masiku a ophunzira 90. Koma makalasi anakula msanga koposa nyumba zogona, kotero kuti ambiri anayamba kubwereka zipinda m'makomboni, monga ku Chikanda ku Zomba. Ndipo kuyambira 2015 Boma linaika bungwe la ngongole za ophunzira m'malo mwa kuwadyetsa, ngongole imene si onse opempha ailandira. Belu la madzulo linaleka kulira, ndipo panalibenso mbale imodzi imene wosowapo angadziwike.

Tikambe tsopano chimene tinachiona ndi maso athu. Pa sukulu ina ya m'mudzi imene tiphunzitsapo panali mnyamata, mwana wa mai wamasiye wogulitsa kachewere pa msika wa Lizulu. Tinamphunzitsa kuyambira akali wa kabudula wong'ambika, ndipo pa masamu tinaleka kumfunsa, popeza anali kuyankha tisanathe kulemba pa bolodi. Atasankhidwa kupita ku koleji ina ya m'tauni, mudzi wonse unamperekeza kufikira pamseu ndi nthungululu, ndipo amalume ache anagulitsa mbuzi ziwiri. Chaka choyamba chinatha bwino. M'chaka chachiwiri mbatata zinagwidwa ndi chiwau, amache nasowa chotumiza. Iye anasamukira m'kachipinda ka anthu anai, nayamba kudya kamodzi pa tsiku, napinyolitsa foni yache yabwino, nagula ya mtengo wochepa. Amache akamuimbira anali kuyankha kuti, "Zonse ziri bwino, amai, musadandaule." Analephera maphunziro awiri, osauza munthu. Potsiriza analeka kupita m'kalasi, nagona m'kachipindamo masabata atatu, chitseko chiri chitsekere. Ndipo pa koleji yonseyo, ya aphunzitsi omveka ndi nyumba zosanja, panalibe mmodzi anafunsa kuti ali kuti.

Amene anazindikira anali mai wina wokazinga mandasi pafupi ndi nyumbayo, wosadziwa ndi dzina la maphunziro ache lomwe. Iyeyo anaona kuti mnyamata amene anali kumpatsa moni m'mawa uli wonse waleka kudutsa, nakagogoda, nampeza ali gone, maso ali pa denga. Anamphikira phala, ndipo posanthula m'kope lache anapeza nambala yathu, natiimbira nati, "Kodi ndinu aphunzitsi a mwana uyu? Bwerani msanga, bambo, mwanayu sadwala malungo ai, adwala maganizo." Tinakwera minibasi m'mawa mwache pamodzi ndi amalume ache.

Titalowa anafuna kudzuka kuti atipatse ulemu, koma miyendo inakana. Amalume ache anati, "Iwe mphwanga, unalekeranji kunena? Kodi ife tinafa?" Iye anakhala chete nthawi yaitali, nayang'ana kwa ife nati, "Aphunzitsi, mudzi wonse unandiperekeza ndi nthungululu. Ndikanabwera bwanji chimanjamanja? Ndinaona kuti kuli bwino ndingochoka pa dziko." Mau amenewo sanatichoke m'makutu kufikira lero, ndipo tinadzitsutsa tokha, pakuti nafenso tinali m'gulu la operekeza lija, ndipo tinamsenzetsa katundu wa mudzi wonse osampatsa nkhata.

Tiyenera kunena zoona za kolejiyo: sinali youma mtima. Inali naye mkulu woyang'anira za moyo wa ophunzira, amene amutcha Dean of Students. Inali ndi mlangizi wa za maganizo, ndi mbusa wa ophunzira, ndi kachipatala. Titawafotokozera anathamanga ndithu: anamtumiza kwa dokotala, namlembera kalata yakuti apume chaka chimodzi malo ache osatayika, ndipo mbusa uja anatiperekeza yekha kukakwera galimoto. Koma zitseko zonsezi zinali zodikira kuti wobvutika agogode yekha, ndipo nthenda imeneyi iyamba ndi kumanga dzanja logogodera. Mnyamatayo anali kudziwa kumene kuli ofesi ya mlangizi, koma anayesa kuti kumeneko nkwa amisala, ndipo anaopa kuti anzache angamuone akulowa. Mlangiziyo anatiuza mosabisa kuti munthu mmodzi sangathe kudziwa nkhope za ophunzira zikwi. Namkungwi analipo, ndipo anali waluso. Chimene chinasowa ndi phungu.

M'boma lathu lino la Ntcheu muli koleji imene ingatiphunzitse kanthu pa mlandu uwu, ndiyo Lakeview pa Mlangeni, pafupi ndi mseu waukulu umene ulambalala malire a Mozambique. Eni ache ndi anansi athu a Seventh-day Adventist, amene anayamba nchito yao m'dziko muno pa Malamulo ku Thyolo mu 1902, chaka chomwe Mlanda anamangidwa. Lakeview inayamba monga siteshoni ya mishoni, nikhala sukulu ya abusa, ndipo lero ndi mbali ya Malawi Adventist University pamodzi ndi koleji ya za umoyo ya ku Malamulo. Kumeneko aphunzira za Mulungu, za uphunzitsi, za malonda ndi za ulimi, ndipo alandira ana a mipingo yina omwe. Ife ndi iwo tisiyana pa tsiku la kupembedza, ndipo makolo athu anatsutsana nao kwambiri pa bwalo. Koma mwambo wa masukulu a mpingo umenewo tiuzindikira, pakuti ufanana ndi umene agogo athu anatisimbira. Iwo aika woyang'anira anyamata ndi woyang'anira atsikana m'nyumba zogona, asonkhanitsa ophunzira ku mapemphero, apatula sabata lathunthu la mapemphero pakati pa maphunziro, aletsa mowa ndi fodya, ndipo dzuwa la Chisanu likalowa mabuku atsekedwa, wophunzira napuma. Tsiku limodzi pa masiku 7 limene palibe angakufunse za mayeso ndi mankhwala ndithu kwa mutu wotopa.

Tisanene mopyola, monga ngati belu lichiritsa zonse. Koleji ya mpingo uli wonse ikhala ndi fizi yache, ndipo mwana wa wogulitsa kachewere aiona monga phiri. Ndiponso tadziwa kuyambira masiku a chikoti kuti munthu akhoza kukhala pa benchi la mapemphero m'mawa ndi madzulo, naimba bwino, mtima wache uli wokhawokha. Koma malo amene anthu asonkhana tsiku ndi tsiku ali ndi mwai uwu, kuti mpando wopanda munthu uoneka. Makoleji a Boma sangathe kuumiriza akulu-akulu kupemphera, ndipo sitipempha zimenezo. Chimene tipempha ndi chakuti wophunzira ali yense, makamaka wa chaka choyamba ndi chachiwiri, alembedwe pa dzina la munthu mmodzi, kaya mphunzitsi, kaya wophunzira wamkulu, amene adzafunsidwa mwanayo akasowa sabata limodzi. Ichi sichifuna nyumba yosanja, kapena ndalama za kunja.

Ife a m'midzi sitinadikire kuti a m'tauni ayambe. Mnyamata uja atakhala kwao chaka, akulima ndi amalume ache ndi kumwa mankhwala ache, anabwerera ku koleji, ndipo ali kumaliza. Pambuyo pa zimenezo akulu a nyumba yathu ya mapemphero anagula kope la masamba 40, nalembamo maina a ana onse a midzi yathu amene ali ku makoleji, osasankha mpingo. Chaka chino alimo 7. Pambali pa dzina liri lonse palembedwa dzina la munthu wamkulu amene si kholo lache, popeza taona kuti mwana abisira amache zimene angauze wapadera. Ameneyo aimba lamya pakutha pa mwezi, ndipo tinapangana kuti asafunse kuti, "Uli bwanji?" pakuti yankho lache lidziwika kale, koma afunse kuti, "Dzulo unadya chiani, ndipo unadya ndi yani?" Tinapangananso kuti pa kuperekeza mwana, nthungululu zikatha, mkulu mmodzi amtengere pambali namuuze kuti ngakhale akalephera, mphasa yache iri pomwe anaisiya.

Mai wamasiye uja anadza yekha kwa akulu kudzapempha dzina. Anampatsa mtsikana wa m'mudzi wa tsidya lija, amene anapita ku Bunda kukaphunzira za ulimi. Maiyo sadziwa kulemba, chotero mdzukulu wache ndiye amsindikizira nambala pa foni. Ndipo mwezi wathawu tinamuona pa siteji ya Lizulu akukangana ndi kondakitala za mtengo wa katundu, atagwira thumba la ufa, nyemba ndi kachewere, lolembedwa dzina la mtsikanayo mbali zonse ziwiri.